Utsi Sudziwa Malire

Miyezi iwiri yapitayo, ife a mu mphakati wina wa ku Kanyama tinaika maliro a mai amene anali mzati wa kwaya yathu. Anali munthu wa zaka zosapitirira 55, wogulitsa repu ndi tomato pa msika, wosadziwa kukhala manja lende. Atayamba kutsokomola ndi kubanika, ana ao anapita nao ku cipatala. Adokotala atawajambula m'cifuwa anawafunsa kuti, "Amai, mwakhala mukukoka fodya zaka zingati?" Maiwo anaseka poyesa nthabwala, pakuti cibadwire anali asanaikepo ndudu pakamwa. Koma anali atakhala zaka zoposa 30 m'nyumba ya cipinda cimodzi ndi zenera limodzi, pamodzi ndi amuna ao amene ndudu sinali kucoka pa cala.

Usiku wa pa maliro, amuna tikuotha moto panja monga mwa mwambo, mkulu wina anafunsa kuti, "Kodi si paja Boma linaletsa kukokera fodya pa anthu? Nanga lamulolo linapita kuti?" Panalibe woyankha, pakuti atatu mwa amene tinazungulira motowo anali ndi ndudu zoyaka m'manja. Funsolo linatisowetsa tulo. Motero tinapatula masiku atatu kuti tiyende m'makomboni a mzinda wathu wa Lusaka, kucokera ku Kanyama kumadzulo kufikira ku Mtendere kum'mawa, tione kumene lamulolo linakhazikika ndi kumene silinafike.

Cimene lamulo linanena

Tisananyamuke, nkoyenera kuti owerenga athu adziwe cimene tinali kufunafuna. M'caka ca 1992 Boma linatulutsa malamulo a zaumoyo okhudza fodya, ochedwa Statutory Instrument nambala 163. Iwo analetsa kukoka m'zipatala, m'masukulu, m'nyumba zoonetseramo kanema ndi m'magalimoto onyamula anthu. Analetsanso kugulitsa fodya kwa mwana wosafika zaka 16, nalamula kuti pa paketi iliyonse palembedwe cenjezo. Kenaka mu 2008, Mai Sylvia Masebo, amene pa nthawiyo anali Nduna yoona za makhonsolo ndi nyumba, anasaina lamulo lokulirapo, Statutory Instrument nambala 39. Ilo linati malo ali onse amene anthu wamba amaloledwa kufikamo, kaya ndi nyumba, bwalo kapena galimoto, asakokeredwemo fodya. Ndipo wolakwa akhoza kulipitsidwa faindi, kapena kuikidwa m'ndende kufikira zaka ziwiri, kapena kulandira zilango zonsezo pamodzi. M'mwezi wa Meyi caka comweco, Zambia inalowa m'pangano la maiko lolimbana ndi fodya, limene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linakhazikitsa mu 2003.

Cifukwa ca malamulowa ncosavuta kumva. Mu utsi wa fodya muli mankhwala a mitundu yoposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amadziwika kuti amayambitsa khansa. Utsiwo sufunsa kuti anagula nduduyo ndani: umalowa m'mapapo a ali yense amene ali pafupi. A WHO amati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni caka ciliconse pa dziko lapansi, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo ndi anthu osakoka, amene amangopuma utsi wa anzao. Kuno kwathu, lipoti limene linatuluka mu 2019, lokonzedwa ndi Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi mabungwe a United Nations, linati matenda obwera ndi fodya amatenga miyoyo ya anthu a m'Zambia oposa 7,000 pa caka.

Tsiku loyamba: Kanyama

Tinayambira kwathu. Amene sanafikeko ku Kanyama adziwe kuti komboni iyi inamangidwa pa thanthwe. Mukakumba pang'ono mwapeza mwala, ndipo mvula ikagwa madzi amasowa kolowera, nakhala pa mabwalo kufikira anthu ayamba kuyenda ndi majombo kapena kudumpha pa njerwa zondandalika. Nyumba zambiri ndi midadada ya zipinda za lendi, banja lililonse cipinda cake, khomo kuyang'anana ndi khomo. Munthu akayatsa mbaula pakhomo pake, mnansi wake amadziwa ndiwo za tsikulo.

Tinakwera minibasi yopita m'tauni pa mseu wa Los Angeles. Tisanapite patali, mkulu wina wa imvi anaimitsa basiyo ali ndi ndudu yoyaka. Asanaponde n'komwe pa citseko, kondakitala, kamnyamata koyenera kukhala mdzukulu wao, kanati, "Amdala, zimani kaye, muli ana muno." Mai wina wobereka khanda anaonjeza kuti, "Atate, utsiwo utsale panja, inu lowani." Mkuluyo sanakangane. Anazima nduduyo pa nsapato, naipanika kukhutu, nakhala pansi. Panalibe wapolisi, panalibe wa khonsolo, ndipo tikukhulupirira kuti m'basimo munalibe munthu wodziwa nambala ya lamulo lija.

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 tikukumbukira zina. Pocokera kwathu kum'mawa pa mseu wa Great East, basi inali kudzaza utsi wa balani tisanaoloke n'komwe mlatho wa Luangwa. Ana tinali kusanza, amai athu anali kudziphimba kumaso ndi citenje, koma panalibe wotsegula pakamwa, pakuti kudzudzula munthu wamkulu kunali cipongwe cosaneneka. Cimene casintha si mphuno za anthu ai. Lamulo linapatsa mai wobereka ndi kamnyamata kaja mphamvu yolankhula popanda kuoneka amwano. Ici ndi cipatso ceniceni, ndipo amene amati lamulolo linafera pa pepala sananene zonse.

Komabe titatsika pafupi ndi City Market ndi kuyenda kupita ku msika wa Soweto, tinaona kuti pa sitesheni ndi m'tinjira ta pakati pa ogulitsa anthu anali kukoka mosaopa kanthu. Apa tinakumbukira mwezi wa Januwale 2018, pamene kolera inali itafalikira kwambiri mu Lusaka. Asilikali anatumizidwa kukacotsa ogulitsa m'miseu, misika inatsekedwa, ndipo ku Kanyama anatiletsa kuyenda usiku. Boma likafuna kuti lamulo limveke, limamveka. Kusiyana kwake nkwakuti kolera imagwetsa munthu m'masiku awiri anthu onse akuona, pamene fodya amatenga zaka makumi awiri, ndipo pa malirowo timangoti, "Anadwala cifuwa."

Tsiku laciwiri: Matero, George ndi Chawama

M'mawa mwake tinalowera kumpoto, ku Matero. Iyi ndi imodzi mwa midzi yakale ya mzinda uno, imene khonsolo ya atsamunda inamangira anchito acikuda m'zaka za m'ma 1950. Nyumba zake zoyamba zinaima m'mizere, ndipo pa mabwalo ena pakali mitengo ya mango yobzalidwa ndi agogo a amene akukhalamo lero. M'mbali mwa mseu wa Commonwealth muli masitolo, mabucha ndi nyumba zomweramo mowa zosawerengeka.

Anthu anadabwa kuona katekisti akulowa m'bawa dzuwa likali pamutu, koma tinaitanitsa cakumwa cosaledzeretsa ndi kukhala pakona. Pa khoma panali cikwangwani ca ndudu yodulidwa ndi mzere wofiira. Cinali citasanduka cacikasu ndi utsi umene cinali kuletsa. Pansi pake penipeni amuna anai anali kupatsirana ndudu imodzi. Amene anatipatsa cakumwa anali mtsikana woyembekezera, ndipo anatiuza kuti amayamba nchito m'mawa ndi kuweruka usiku kwambiri. Womwa amakhala maola awiri napita kwao. Iye amapuma mpweya umenewo tsiku lonse, pamodzi ndi amene ali m'mimba. Anamwino amaticenjeza kuti utsi wotere umacititsa mwana kubadwa wocepa thupi.

Tinafunsa mwini bawayo cifukwa cake anapacika cikwangwani cimene sacitsata. Anayankha mosabisa kuti, "Aphunzitsi, ndikawatulutsa lero, mawa akamwera kwa mnzanga uyo tsidya la mseu. Adzandilipirira lendi ndani?" Yankho limeneli lili ndi nzeru yake. Lamulo lotere limagwira nchito pokhapo likakhudza onse mofanana, kuti womvera asalangidwe ndi kumvera kwake. Dziko la Ireland, kumene kunacokera ansembe ndi masisitere ambiri amene anatumikira kuno, linaletsa kukoka m'malo onse a nchito, kuphatikizapo mabawa, mu 2004. Ambiri analosera kuti anthu sadzamvera, koma popeza oyendera malamulo anafika pa khomo lililonse, okoka anazolowera kutuluka panja. Ifenso tinaonapo zotere mu 2012, pamene Boma linaletsa timapaketi ta mowa waukali tija tinali kuchedwa tujilijili. Cosowa m'mabawa athu si lamulo, koma munthu wobwera kudzaona ngati likutsatidwa.

Kucokera ku Matero tinapitirira ku George, kumene tinjira timapindika popanda dongosolo cifukwa anthu anadzimangira okha asanabwere opima malo. Kumeneko tinaona cinthu cimene olemba malamulo mwina sanaciganizire. Mai wina wamasiye amagulitsa mowa m'nyumba mwake. Cipinda cakutsogolo ndico shabini. Cakumbuyo ndimo mumagona ana ake atatu. Pakati pake pali nsalu yolenjekeka m'malo mwa citseko. Tinadzifunsa kuti: kodi pano ndi pa malo a anthu onse, kapena ndi pa nyumba ya munthu? Wa khonsolo akhoza kutsutsana ndi loya pa funso limeneli kufikira dzuwa kulowa. Utsi wokha ndiwo sufunsa. Umangodutsa pansi pa nsalu ija.

Madzulo tinatsikira kumwera, ku Chawama. Pa kantemba kena pafupi ndi mseu wa Chifundo tinaima kanthawi tikuyang'ana malonda. Palibe anagula paketi yathunthu. Onse anali kugula mishanga, ndiko kuti ndudu imodziimodzi, pa mtengo wonga wa citumbuwa. Malonda awa ndi akale mu Lusaka. Acikulire akukumbukira anyamata a mishanga amene anali kuima pa makona a m'tauni m'masiku a kusowa kwa zinthu. Koma taonani cimene mshanga umacita. Cenjezo limene lamulo linalamula linalembedwa pa paketi, ndipo wogula ndudu imodzi paketiyo saiona. Mtengo wakenso ndi wakuti mwana wa sukulu akhoza kuukwanitsa ndi ndalama ya cakudya ca pa buleki.

Tikali pomwepo kanafika kamnyamata ka zaka ngati zisanu ndi zitatu, kanapereka ndalama, kanalandira mishanga iwiri. Tinafunsa wogulitsayo ngati akudziwa kuti kugulitsa fodya kwa ana kunaletsedwa kale mu 1992. Anati, "Amutuma ndi atate ake. Ndikamubweza ndiye kuti ndanyoza kholo." Pamenepa tinacita manyazi, pakuti nafenso tili ana tinatumidwapo, ndipo ena a ife tinali kuuzidwa kuti tiyatsiretu pa mbaula ya kukhichini, nkukoka kamodzi kuti isazime m'njira. Umo ndimo ambiri anaphunzirira.

Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa anai ali onse m'dziko lino anali kukoka fodya, pamene mwa akazi anali ngati awiri okha pa 100. Ziwerengero izi zitanthauza kuti m'nyumba zambiri wokoka ndi mmodzi, koma opuma utsi ndi asanu kapena asanu ndi mmodzi. Tisaiwalenso amai amene amagwiritsa nchito nsunko mobisa. Umenewo ulibe utsi, koma nawonso ndi fodya, ndipo umamanga munthu cimodzimodzi. Pa cipatala ca Chawama tinaona mzere wa odwala cifuwa ca TB akuyembekeza mankhwala. M'kati mwa mpanda munalibe wokoka ndi mmodzi yemwe. Koma odwalawo akalandira mankhwala amabwerera ku zipinda zomwe zija, ndipo nzodziwika kuti utsi wa fodya umafooketsa mapapo, nutsegulira TB njira.

Tsiku lacitatu: Kalingalinga ndi Mtendere

Tsiku lomaliza tinapita kum'mawa. Ali yense wodutsa pa mseu wa Alick Nkhata amaidziwa Kalingalinga ndi malonda ake: mabedi, makabati, zitseko ndi mageti a citsulo zondandalikidwa m'mbali mwa mseu. Tinalowa pa malo a mmisiri wina wa matabwa, munthu wa kwathu kum'mawa. Anyamata ake asanu anali kupala ndi kupaka vanishi, ndipo panalibe wokoka. Iye anati lamulo la pamenepo analiika yekha: wofuna ndudu aoloke ngalande, cifukwa kamoto kamodzi kakagwera m'zipalo za matabwa, cuma conse capita. Tinaona kuti munthu akazindikira bwino cimene angataye, safuna wapolisi womukumbutsa.

Koma titamuuza za ulendo wathu, mmisiriyo anatiyang'ana nati, "Aphunzitsi, musaiwale kumene munacokera. Ku sukulu ya mishoni kuja, fizi yanu inali kucokera kuti?" Ananena zoona. Atate athu anali mlimi wa fodya wa balani. Tinakula tikuthyola masamba, kuwasoka ndi kuwapacika m'cigafa, manja ali bii ndi utomoni wake wowawa. Yunifomu yathu yoyamba ndi buku lathu loyamba zinagulidwa ndi ndalama za fodya. Kufikira lero mabanja ambiri a ku Chipata ndi ku Lundazi amayembekeza msika wa fodya kuti agule malata ndi feteleza. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Ndipo mlimi sangataye mbeu imene ikumudyetsa lero cifukwa ca lonjezo la mbeu ina imene msika wake sanauone.

Tinamuyankha kuti sitinabwere kudzanyoza dzanja limene linatilera. Lamulo la 2008 silinaletse kulima fodya, ndipo silinaletse munthu wamkulu kukoka. Linangonena za malo: kuti amene wasankha kukoka asasankhirenso mnzake. Ngakhale dziko la Malawi, limene cuma cake cimadalira fodya kuposa cathu, linalowa m'pangano la WHO lija mu 2023. Za tsogolo la mlimi ndi nkhani yaikulu yofuna tsiku lake. Koma palibe mlimi wa ku Lundazi amene amapindula ndi kutsokomola kwa khanda la ku George.

Titatsanzikana naye, tinapitirira ndi mseu womwewo kufika ku Mtendere, kukaceza ndi banja lina limene tinadziwana nalo kale. Tinapeza agogo aamuna atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi khomo, akukoka ndudu yao. Apongozi ao aakazi, mkazi wa mwana wao, ndiwo anatifotokozera. Mwana wao wamng'ono anali kudwala mphumu, ndipo usiku uliwonse agogo akayatsa ndudu pabalaza, cifuwa ca mwanayo cinali kulira ngati mluzu. Anamwino anawauza kuti kutsegula zenera sikukwanira, pakuti utsi umakakamira m'mabulangete, m'makatani ndi m'zovala. Koma mkazi wokwatiwa angauze bwanji apongozi ake kuti atuluke m'nyumba yao yomwe? Anakadandaula kwa agogo aakazi, agogo aakazi analankhula ndi ankhoswe, ndipo ankhoswe anabwera Lamulungu lina masana ngati odzaceza cabe. Nkhaniyo inayenda m'njira yake yaulemu, ndipo inafika.

Agogowo anatiitana kuti tikhale nao pamthunzi. Anati, "Mwana wanga, kuleka kwandikanika, ndinayamba ndisanakwatire. Koma kutuluka panja sikunandikanike. Boma silinandiuze zimenezi. Anandiuza ndi uyu." Analoza kamdzukulu kao, kamene kanali kuthamangitsa mpira wa mapepala pabwalo.

Pobwerera

M'basi yobwerera ku Kanyama tinasinkhasinkha zimene tinaona. Kumene lamulo lakhazikika, monga m'minibasi ndi m'cipatala, lakhazikika cifukwa anthu wamba analitenga kukhala lao. Kumene lagona, monga m'bawa ndi pa kantemba, lagona cifukwa ali yense akuyembekeza mnzake, ndipo oyenera kuyendera malowo saoneka. Pamenepa tiyenera kufunsa makhansala athu mopanda mantha, pakuti lamulo la 2008 linaperekedwa m'manja mwa makhonsolo. Koma malo amene utsi umavulaza kwambiri m'makomboni mwathu ndi cipinda cogona, ndipo kumeneko palibe wa khonsolo amene adzagogoda.

Eklezia nayenso anayendapo njira imeneyi. Mu 1642 Papa Urban VIII analetsa fodya m'machalichi a ku Seville, m'dziko la Spain. Mu 2002 Vatican inaletsa kukoka m'maofesi ndi m'malo ake ofikamo anthu, ndipo kuyambira 2018, mwa lamulo la Papa Francis, inaleka kugulitsa ndudu kwa anchito ake, ngakhale malondawo anali kubweretsa ndalama. Katekisimu, pa nambala 2290, amachula fodya pakati pa zinthu zofuna kudziletsa, ndipo amaika nkhaniyi pansi pa lamulo lacisanu, loteteza moyo. Sitinena izi kuti tiweruze abale athu okoka. Ambiri a iwo anayamba ali ana otumidwa, ndipo cikonga ca mu fodya cimagwira munthu zolimba kotero kuti kuleka kumafuna cithandizo, osati matonzo.

Pa msonkhano wotsatira wa mphakati tinafotokoza za ulendo wathu. Titakambirana, tinagwirizana zinthu zitatu zazing'ono: kuti m'nyumba imene tasonkhanamo, kaya pa mapemphero kaya pa maliro, musakokeredwe fodya, kuti tisatume mwana kukagula kapena kukayatsa ndudu, ndi kuti mai amene akuopa kulankhula ndi mwamuna wake kapena apongozi ake apeze akulu a mphakati omulankhulira. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Bambo wofedwa uja analipo. Anakhala kumbuyo, osanena kanthu kufikira pa mapeto. Tikutuluka anatigwira dzanja nati, "Aphunzitsi, zaka zonse zija iwo anali kungotsegula zenera, osandiuza kanthu. Ndikanadziwa." Tsopano akukhala ndi mwana wao wamkazi ndi adzukulu awiri m'cipinda comwe cija. Fodya sanaleke. Koma madzulo ali onse, ngakhale kukuzizira, timawaona atanyamula kampando kao, akupita kukakhala kuseri kwa mpanda.